Tsiku Limene Ekow Bentsil Anaiwala Pulizi

M'tauni ya Sekondi muno aliyense amanena pulizi, koma Ekow Bentsil amaonjeza. Mukamufunsa dzina ayankha kuti, "Pulizi, ndine Ekow." Mukamufunsa ngati wadya, "Pulizi, inde." Ngati sanadye, "Pulizi, ayi." Foni ikalira amayamba ndi pulizi asanadziwe n'komwe amene wayimba, ndipo pali anthu amene amalumbira kuti anamumva akuuza mbuzi yogona pakati pa msewu kuti, "Pulizi, tadzukani," mbuziyo n'kudzukadi.

Amene sanakhaleko kuno amaganiza kuti pulizi ndi mawu opemphera chinthu basi. Kwa Angelezi eni ake zili choncho: kumeneko mawuwa amalendewera kumapeto kwa pempho ngati mchira, ndipo munthu akhoza kuchoka m'mawa mpaka dzuwa kulowa atawatchula kanayi kokha. Kuno pulizi amatsogola. Makolo athu akafuna kulankhula ndi wamkulu ankayamba ndi mawu akuti ndakuvulirani chipewa, ndiye Chingelezi chitabwera tinangotola chipewa chomwecho n'kuveka mawu achilendowa. N'chifukwa chake tili ndi pulizi wovomera, pulizi wokana, pulizi wouzira munthu kuti wakuponda phazi. Alipo ngakhale wa mkangano. Pa siteshoni ya maminibasi mumva wina akuti, "Pulizi, ndinu chitsiru," mnzakeyo n'kubweza kuti, "Pulizi, chitsiru ndi amene anakuberekani," onse awiri mitsempha itatupa m'khosi. Zibakera zikhoza kutuluka, koma palibe amene angapite kwawo akunena kuti mnzakeyo sanaleredwe.

Ekow sanabadwe naye pulizi wakeyu. Anachita kumulowetsa ndi rula. Ali m'kalasi yachitatu pa sukulu ya mishoni ya pamwamba pa chitunda, mphunzitsi wawo anali mtsikana wamtali wongotuluka kumene ku koleji, yemwe pambuyo pake tauni yonse inadzamudziwa ndi dzina loti Madamu Essilfie. Tsiku lina Madamu anafunsa:

"Bentsil, zisanu ndi ziwiri kuphatikiza zitatu?"

"Khumi."

Rula inatera pa zala.

"Ukulankhula ndi mnzako wa kumpira?"

"Khumi, Madamu."

Inateranso. Inatera kanayi mwanayo asanazindikire chimene chikusowa, ndipo kuyambira tsiku limenelo pulizi anakhazikika pakhomo pa kamwa yake ngati mlonda. Palibe mawu amene ankatuluka iye asanayambe watuluka.

Atasiya sukulu Ekow anayendetsa takisi zaka zisanu ndi zitatu, kenako malole onyamula zipika kupita kudoko la Takoradi, mpaka msana unayamba kukana. Apo ndi pamene mdala Arhin anamutenga kuti aziphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto pa kasukulu kake: chipinda chimodzi kuseri kwa telala, tigalimoto tiwiri, aphunzitsi awiri, ndi chikwangwani cha zizindikiro za pamsewu chimene dzuwa linachidya mpaka zofiira zonse zinasanduka zotuwa. Anakhalapo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Theka la madalaivala a takisi amene amakudulani kutsogolo pa msika waukulu anadutsa m'manja mwake, ngakhale iye amakana kuti kudulako sanaphunzire kwa iye.

Ndi achinyamata panalibe vuto. Pulizi wa achinyamata ndi wamfupi, amatuluka limodzi ndi phazi likuponda buleki ya kumbali ya mphunzitsi. Vuto linali akuluakulu. Kwa wamkulu pulizi sayenda yekha, amakoka ngolo: pambuyo pake pamabwera udindo wa munthuyo, kenako "ngati n'kotheka", kenako "ndimati mwina". Ndipo kwa Ekow, kuponda buleki wamkulu ali pachiwongolero osamudziwitsa kunali ngati kumulanda mbale ali mkati modya.

Choncho tsiku lina akuphunzitsa a Amissah, mkulu wa mpingo, galimoto inayamba kutsata ngalande ya m'mbali mwa msewu, ndipo Ekow anayamba bwinobwino:

"Pulizi, akulu a mpingo, ngati n'kotheka, ndimati mwina tikanayamba kuchepetsa..."

Pamene ankafika pa "kuchepetsa", tayala lakutsogolo linali kale m'ngalande, nyali itasweka, ndipo a Amissah anali akutchula mayina a aneneri motsatana.

Mdala Arhin akanakhalapo akanangopukusa mutu n'kuitana makaniko. Koma mdalayo anali atamwalira, ndipo sukulu inali m'manja mwa mwana wake Ewurabena, amene anabwerera kuchokera ku Manchester atakhalako zaka khumi ndi ziwiri. Ewurabena ankayenda mofulumira ngakhale kulibe kumene akuthamangira, ndipo ankalankhula ngati mawu amagula pa mita. Ekow anamunyamulapo ali khanda, koma tsopano anali bwana.

"Ankolo Ekow, buleki inali pansi pa phazi lanu."

"Pulizi, inde."

"Nanga bwanji simunaiponde?"

"Pulizi, ndinali ndikuwadziwitsa kaye."

"Kuwadziwitsa! Ngalande imadikira kuti munthu amalize chiganizo?"

"Pulizi, ayi."

"Ndipo zoti pulizi pulizi izi zikundizunguza mutu. Kumene ndinali ine, munthu akati pulizi ndimatchera khutu kuti ndimve chimene akupempha. Inu mwanena katatu, simunapemphe ngakhale madzi akumwa."

"Pulizi, ludzu ndilibe."

Ewurabena anakoka mpando n'kuuika pakati pa chipinda.

"Uyu ndi wophunzira. Akulowa m'ngalande. Muuzeni aime. Liwu limodzi lokha."

Ekow anauyang'ana mpandowo. Unali mpando wa malemu Arhin, wa khushoni yophwa pakati.

"Pulizi, imani."

"Limodzi, Ankolo!"

"Pu... imani."

Anayesa kasanu ndi kawiri. Telala wa kutsogolo anasiya makina n'kubwera kudzasuzumira pawindo. Pamapeto pake Ewurabena anabweza mpando pamalo pake n'kulankhula motsitsa mawu, ndipo Ekow anadziwa kuti nthabwala zatha.

"Ndikuuzeni zoona. Ophunzira achepa. Aphunzitsi awiri sindingawasunge ngati mmodzi akudyetsa galimoto ku ngalande. Ikachitikanso ngozi ina, kapena wophunzira akachoka chifukwa cha inu, tidzasiyana mwamtendere."

Ekow anali ndi zaka makumi asanu ndi zinayi. Msana wake sukanapiriranso lole, ndipo eni matakisi masiku ano amafuna anyamata otha kuyenda tsiku lonse osatsika kukawongola miyendo. Akachoka kwa Arhin, kopita kunalibe.

Patangotha milungu itatu, Lachiwiri m'mawa, pakhomo pa ofesi panaima ambulera yakuda, ndipo pansi pake panali Madamu Essilfie. Anali atapuma pa uhedi zaka khumi zapitazo, tsitsi lonse lili mbuu, koma msana uli njo ngati mtengo wa mbendera. Ekow anangozindikira ataimirira, manja ali kumbuyo, osadziwa kuti wanyamuka nthawi yanji.

"Bentsil. Shati ilowe m'thalauza."

Inali kale m'thalauza. Anailowetsanso.

Amuna awo a Madamu anali atamwalira chaka chathachi n'kusiya Benzi yakale yobiriwira m'galaja. Madamu anali atatopa ndi anyamata a takisi amene amatsegula wailesi osapempha ndiponso kuwaitana kuti Mami ngati ogulitsa tomato. Ankafuna kumadziyendetsa okha popita kutchalitchi ndi pokaona mng'ono wawo ku Cape Coast. Ankafuna kuphunzirira pa galimoto ya malemuyo, osati pa tizitini ta sukulu. Ndipo wowaphunzitsa akhale Bentsil, chifukwa winayo sakudziwa amene anamulera.

Ewurabena anasangalala, poti Madamu ndiwo amatsogolera bungwe la amayi kutchalitchi chachikulu, ndipo kumene iwo aloza ndi chala, ana a amayi onsewo amapita komweko. Ekow anapita kukaiona galimotoyo. Zoti kumbali ya wokwera kulibe buleki ankaziyembekezera. Koma ngakhale handibuleki, imene mphunzitsi amaithawira zinthu zikavuta, pa galimoto imeneyi sinali pakati pa mipando. Kanali kachitsulo koponda ndi phazi, kobisika kumanzere kwa woyendetsa, kutsidya kwa maondo a Madamu. Chida chokhacho chimene Ekow anatsala nacho chinali pakamwa pake.

Anayambira pa bwalo la mpira nthawi imene ana ali m'kalasi.

"Pulizi Madamu, tikhotere kumanja."

"Kumanja kwa ndani?"

"Pulizi, kwa tonse awiri. Tayang'ana kumodzi."

"Usandiyankhe ngati loya. Ndipo khala bwino, wapindika ngati nkhanu."

Kunena chilungamo, Madamu sanali wophunzira woipa. Buku la malamulo a pamsewu analiloweza mlungu umodzi, n'kupezamo zolakwika zitatu zimene anazizunguliza ndi inki yofiira. Galimoto ankaiyendetsa monga ankayendetsera sukulu, mosanyengerera, ndipo inkawamvera. Atatuluka pabwalo n'kulowa mumsewu ndi pamene matenda enieni anaonekera. Matendawo anali moni. Mu Sekondi munthu aliyense wa zaka zosapitirira makumi asanu ndi limodzi anakhalapo m'kalasi mwawo, kapena mwana wake anakhalamo. Aliyense akaona Benzi yobiriwira ankaima n'kufuula, "Pulizi Madamu, mwadzuka bwanji!" Ndipo Madamu sankakhulupirira moni wa cham'mbali. Munthu umamuyang'ana kumaso, umamutchula dzina, umamufunsa za amayi ake. Mutu ukatembenuka, manja ankatsatira, ndipo chiwongolero chinkatsatira manja.

"Pulizi Madamu, ngati n'kotheka, ndimati mwina maso akanakhala pamsewu."

"Msewu unandipatsapo moni liti?"

Kunyumba mkazi wake Aba, amene amagulitsa kenke, nsima yowawasa yokulunga m'masamba, ndi nsomba zokazinga pakhonde, ankamulandira ndi funso lomwelo tsiku ndi tsiku.

"Lero mphunzitsi anali ndani m'galimotomo, inu kapena iwo?"

"Pulizi, ndisiye ndipume."

"Abale inu, bambo wa ndevu za imvi, wa zidzukulu ziwiri, akunjenjemera ndi rula imene chiswe chinadya kalekale. Anakupatsani mamalikisi angati lero?"

"Anati ndikuyesetsa."

"Eee, ndiye tiphe nkhuku."

Mlungu wachisanu ndi chimodzi, Loweruka, Madamu anagamula kuti atsikira kugombe kukagula nsomba za m'mawa. Ekow sanaukonde ulendowo. Loweruka ndi tsiku la maliro, ndipo banja likafuna malo limangotseka msewu umene uli pafupi, kudzala matenti n'kuyala mipando. Msewu wa dzulo si msewu wa lero. Anayesa kunena, koma pamene ankamaliza mapulizi ake Madamu anali atalowa kale mumsewu wotsikira kunyanja, uja wa mtsetse wautali umene umakhota mwadzidzidzi kuseri kwa nyumba yakale ya miyala.

Ali pakati pa mtsetsewo, mayi wina wosenza beseni anafuula moni ali kutsidya. Madamu anatembenuka.

"Ndiwe Efua wa kwa a Cudjoe eti? Chifuwa cha mwana chija chinatha?"

Phazi lawo linali litachoka pa buleki. Benzi ndi yolemera, ndipo mtsetse unaitenga ngati mwala. Atangokhota, Ekow anaona zimene ankaopa. Matenti ofiira ndi akuda anali atadzaza msewu wonse kuchokera ngalande iyi kukafika inayo. Mipando ya pulasitiki inali mizeremizere, yodzaza anthu ovala nsalu za maliro, ndipo kumapeto kwa mzere woyamba, pafupi kwambiri, kunali mdala wina wowonda atakhala mwendo uli pa unzake, akuyang'ana kwina.

Pulizi anabwera monga mwa masiku onse, anafika mpaka pa milomo. Kumbuyo kwake kunali Madamu, kumbuyo kwa Madamu kunali ngati n'kotheka, onse ali pamzere kudikira nthawi yawo. Ekow anaona maondo a mdala uja akukula pagalasi. Ndiye kuchokera pansi penipeni, kumene anawasiya zaka makumi awiri zapitazo, anatuluka mawu a dalaivala wa lole.

"Ponda buleki! Ponda! Yang'ana kutsogolo, iwe!"

Phazi la Madamu linamva mwini wake asanamve. Matayala analira, fungo la labala linadzaza msewu, ndipo Benzi inaima bampala itangokhudza mwendo wa mpando wa mdala uja. Mpandowo unasuntha pang'ono ngati ukupereka njira. Palibe amene anavulala. Pagalimoto panalibe ndi kachipsera komwe.

Koma mawindo onse anali otsegula, ndipo nthawi yomweyo anyamata a zokuzira mawu anali atazimitsa nyimbo kuti abusa apemphere. Maliro onse anamva.

"Ndani wakuwayo?"

"Ndi Bentsil wa kwa Arhin."

"Akukalipira ndani?"

"Madamu."

"Madamu ake ati?"

"Madamu eni akewo."

"Ayi pulizi, mukunama."

"Ndamva ndi makutu angawa. Popanda ndi pulizi yemwe! Ngati akuingitsa nkhuku pa chimanga."

Madamu anazimitsa galimoto. Anaponda kachitsulo ka kumanzere kaja mpaka kanalira. Anatsika, anakonza nsalu yawo, n'kuyamba kugwira chanza anamfedwa a mzere woyamba kuchokera kumanja kupita kumanzere monga mwa mwambo, ngati ndicho chimene anabwerera. Atamaliza anatambasula ambulera n'kuimitsa takisi. Kwa Ekow analankhula osamuyang'ana.

"Kaisiye kunyumba. Kiyi uike pawindo la kukhitchini."

Lolemba kunabwera kalata ya mizere itatu, yolembedwa ndi dzanja lokongola, yonena kuti Mayi Essilfie aimitsa maphunziro awo pa zifukwa zimene sukulu ikuzidziwa. Ewurabena anali atamva kale nkhani yonse kwa telala, ndipo anamulandira Ekow ndi manja awiri.

"Ankolo! Mwapulumutsa anthu! Ndikanakhala ndi mendulo ndikanakuvekani pompano. Mwaona kuti zimatheka?"

"Pulizi, musandikumbutse."

Pofika Lachinayi chimwemwe cha Ewurabena chinali chitaphwa. Ophunzira anayi, onse ana a amayi a kutchalitchi chija, anaimba foni mmodzimmodzi kunena kuti pulizi atanganidwa kaye. Palibe amene anatchula chifukwa. Kuno munthu sakuuza kuti wakunyanyala, amangotanganidwa.

"Ndinanena kuti wophunzira akachoka chifukwa cha inu tidzasiyana," anatero Ewurabena akusisita pachipumi. "Sindinkaganiza za zoterezi. Koma achoka asanu, Ankolo. Madamu akapanda kubwerera mwezi uno usanathe, ntchito ya aphunzitsi awiri palibe. Dikirani, ndipita ndekha ndikawafotokozere. Galimoto yolemera choncho, pa mtsetse ngati uja, sekondi imodzi yokha..."

"Pulizi, musapite."

"Chifukwa? Olondola ndife!"

"Pulizi, chifukwa chake n'chomwecho."

Wolakwira wamkulu sapita yekha kukapepesa, ndipo sapita atanyamula zifukwa. Amafuna wamkulu wina woti akamupemphere, iye n'kungoima pambali ngati katundu amene akukambidwa. Koma wamkulu woti akaime pamaso pa Madamu Essilfie anali wosowa kuposa nsomba nyengo ya mafunde. Abusa anati ali ndi msonkhano. A Amissah anati nkhani ya ngalande ija khosi lawo silinaiiwale. Khansala wa dera, bambo wa mimba yake, atangomva dzina la Madamu anayamba kubisa zikhadabo ngati akadali mwana wa m'kalasi mwawo.

Anapeza njira ndi Aba, akutembenuza nsomba m'mafuta.

"Mukuvutikiranji ndi ana a sukulu? Pitani kwa mdala wa mpando wa kumaliro uja. Ndi gogo Eshun, msodzi. M'kalasi sanapondemo, rula saidziwa, ndipo Madamu ndi mwana kwa iye."

Gogo Eshun anali ndi zaka makumi asanu ndi atatu ndi zitatu, ndipo khutu limodzi linapita kalekale ndi phokoso la injini za maboti. Ekow anawapeza pamthunzi wa bwato akusoka ukonde. Anafotokoza kawiri, kachiwiriko mokuwa. Mdalayo anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti apita, bola amugulire fodya wa mphuno.

Anapita Lachisanu masana, atanyamula nsomba ziwiri zikuluzikulu zofiira ndi kireti ya zakumwa zozizira, poti Madamu salawa mowa. Ewurabena anakakamira kutsagana nawo, ndipo anamulola atalonjeza kuti pakamwa pakhala potseka. Madamu anawalandirira pakhonde. Anawapatsa madzi, anawafunsa chimene abwerera ngakhale ankachidziwa, n'kupinda manja. Ekow anavula nsapato n'kuima pakona, kuseri kwa dzanja lamanja kuli m'chikhatho cha lamanzere monga amachitira opepesa kuno.

"Pulizi Madamu," anayamba gogo Eshun, "ine sukulu sindinapiteko, ndiye mawu anga akabwera osavala nsapato mundikhululukire. Mwana uyu akuti anakukalipirani. Ine sindinamve, khutu ili ndi lokongoletsa mutu chabe. Chimene ndinaona ndi mphuno ya galimoto ikununkhiza bondo langa. Ndinati, Eshun, wabwera kudzaika mng'ono wako, koma zikuoneka kuti tenti imodzi igwira ntchito ziwiri."

Madamu sanaseke.

"Tsono ndabwera kudzamupemphera. Analakwa. Mwana sakalipira amayi ake pagulu. Koma panyanja, Madamu, funde likamabwera ngati nyumba, ine sindinena kuti pulizi abale ngati n'kotheka tipalase. Ndimatukwana aliyense m'bwatomo, ndi malume anga omwe pamene anali moyo. Tikafika kumtunda timadya mbale imodzi."

"Galimoto ya malemu amuna anga si bwato, a Eshun."

"Pulizi, n'zoona. Bwato silipereka moni."

Ewurabena anatsamwa ndi madzi. Pofuna kubisa, anaiwala lonjezo lake.

"Madamu, kunena zoona Ankolo sanalakwe, chifukwa..."

Madamu anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwana wa Arhin. Ku Ulaya kuja anakulanda chiyani pabwalo la ndege? Yambanso."

Ewurabena anatsegula pakamwa, anatseka, anayang'ana Ekow, anayang'ana nsomba.

"Pulizi Madamu, ndakhala chete."

"Wachita bwino."

Kumsewu wogulitsa madzi anadutsa akuitanira malonda ake mpaka mawu anazilala. Kenako Madamu anavula magalasi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake Ekow anaona kuti maso awo ndi aang'ono, ofiira m'mbali, maso a mayi wokalamba amene amakhala yekha.

"Bentsil."

"Pulizi, Madamu."

"Ndinaphunzitsa zaka makumi atatu ndi zisanu. Sindifuna msodzi kuti andiuze kuti unachita chofunika. Chimene chinandiwawa si mawu ako. Phazi langa linakumvera ine ndisanalilole, pamaso pa ana anga onse. Ndipo ndikanapha bambo awa ndikufunsa za chifuwa cha mwana wa Efua. Anthu akuti ndinakwiya. Ndawasiya aziganiza choncho. Kukwiya n'kosavuta kuyenda nako kutchalitchi kusiyana ndi manyazi."

Ekow anangoweramitsa mutu.

"Anena chiyani Madamu?" anafunsa gogo Eshun akutembenuzira khutu lamoyo kwa Ewurabena. "Avomera?"

Madamu anavalanso magalasi, ndipo uhedi unabwerera pankhope pawo.

"Lolemba, eyiti koloko. M'galimoto mphunzitsi ndiwe. Pofunika kukalipa, kalipa, usadikire. Koma mawu oipa salowa m'nyumba ya munthu osaodira. Uziyamba wapempha usanalowe m'galimoto, kamodzi, kokwanira tsiku lonse. Ndipo mawindo azikhala otseka."

"Pulizi Madamu, galimotoyo ilibe choziziritsa."

"Ndiye uzituluka thukuta. Nsombazo kaziike kukhitchini, ntchentche zayamba."

Lolemba eyiti koloko Ekow anaima pa chitseko cha Benzi, Madamu ali kale pachiwongolero. Anakonza pakhosi.

"Pulizi Madamu, lero ndikukalipirani."

"Ndamva. Lowa."

Analowa, anakweza mawindo. Pa mphambano yoyamba mawu anakana kutuluka. Pa yachiwiri anatuluka opyapyala. Pofika pa msika waukulu, njinga yamoto itawadula kutsogolo, Ekow anakuwa kuti "Buleki!" mpaka kagalasi koonera kumbuyo kananjenjemera, ndipo Madamu anaponda n'kungong'ung'udza kuti sanagonthe. Mlungu usanathe ophunzira anayi aja anaimba foni kunena kuti pulizi kutanganidwa kwatha. Ewurabena sananenenso za kusiyana mwamtendere.

Laisensi Madamu sanaipezebe. Ayesa mayeso kawiri. Koyamba anakana kuyamba ulendo woyesa asanawapatse moni woyenera, kachiwiri anaima pakati pa msewu kuti amuwongolere mnyamatayo kalankhulidwe. Akuti adzayesanso mvula ikatha, ndipo mpaka nthawi imeneyo, Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka, Ekow ali ndi wophunzira wake wosasowa.

Mukaima m'mbali mwa msewu wotsikira kunyanja cha m'ma hafu eyiti muiona Benzi yobiriwira ikudutsa pang'onopang'ono, mawindo ali gwa ngakhale dzuwa liswe mtengo. Mkatimo Madamu agwira chiwongolero ndi manja awiri, maso ali kutsogolo. Pambali pawo Ekow ali thukuta kamukamu, pakamwa pali yasa, mitsempha itatupa m'khosi, dzanja likumenya mpweya. Kunja sikumveka kanthu. Amayi a kutchalitchi anakambirana nkhaniyi n'kugwirizana kuti Bentsil analapa, ndipo masiku ano amawaimbira Madamu nyimbo za m'buku kuti mtima uzikhala m'malo akamayendetsa.